Chidindo cha Mayi Tsekwe

"Amayi, anthu ofuna mkazi aja akugogoderanji pamakomo a eni ake, pomwe mtsikanayo amakhala nyumba iyo?"

Anafunsa choncho Zebo ali kamwana kosadziwa n'kumanga komwe mpango kumutu, ataima pageti n'kumayang'ana amayi awiri achilendo amene ankayenda khomo ndi khomo m'dera lawo, mumzinda wa Namangan. Mayi ake, Mayi Kumush, anamuyankha akusenda kaloti kuti mtsikana sadziwika kwa amake, amadziwika kwa anansi. Mkulu wake, Mohira, amene anali kale namwali, anaseka yankholo.

Zaka zinapita. Mohira anakwatiwa, ndipo ukwatiwo unatha. Anabwerera kwa amake ndi sutikesi imodzi ndiponso dzino lake, limene mwamuna wake anamugulula, litakulungidwa m'kampango. Bambo awo anali atamwalira. Mohira anapeza ntchito m'kashopu kosindikiza makadi a ukwati, komwe ankajambula nkhunda ndi maluwa tsiku lonse popanda kudandaula.

Zebo atamaliza maphunziro a unamwino, ofunsira mbeta anafika. Anabwera kawiri, anamwa tiyi, anayang'ana mmene mtsikanayo ankaperekera kapu ndiponso ngati m'ngodya za nyumba munali akangaude. Ulendo wachitatu ukanakhala wodzanyema buledi, kusonyeza kuti mabanja awiriwo agwirizana. Mayi Kumush anagula nsalu yatsopano yoyala podyera. Koma ofunsirawo, monga mwa mwambo, anayamba adzera pageti lobiriwira la Mayi Salomat, amene ankagawana nawo mpanda. Sanabwerenso.

Zimene zinanenedwa kuseri kwa getilo anazibweretsa ndi Mayi Rohat a kumapeto kwa msewu, zikadali zotentha.

"Akuti mtsikanayo alibe vuto. Koma akuti nyumba imene mwana wamkazi anabwererako kamodzi, njira yake siimera udzu."

Zebo sanalire pamaso pa munthu. Anapinda nsalu yatsopano ija, naiika pansi penipeni pa bokosi.

Mayi Salomat anali amasiye, a mano agolide, olemekezeka chifukwa cha buledi wawo. Panalibe maliro, ukwati kapena phwando m'deralo kumene buledi wawo sankafika. Ankamuphika mu uvuni wadothi kuseri kwa nyumba, ndipo pakati pa buledi aliyense wozungulira ankadindapo duwa ndi chidindo cha timisomali chimene apongozi awo anawasiyira. Timisomali tina tinathothoka kalekale, choncho duwalo linkaperewera tsamba limodzi. Ngakhale mwana wosayamba sukulu ankalidziwa.

Munthu wotereyu Mohira sakanapita kukamutukwana pageti. Akanatero, dera lonse likanati taonani, n'chifukwa chake mwamuna anamubweza. Anameza mawu ake kwa masabata angapo, mpaka tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro, m'malo mwa nkhunda, dzanja lake linajambula tsekwe pa tabuleti ya kuntchito. Anamuveka mpango wamaluwa, anamuika mano agolide m'mlomo, namupatsa khosi lotha kutalika ngati paipi yothirira dimba. Pansi pake analemba kuti Mayi Tsekwe. Anatsegula tsamba pa intaneti lopanda dzina lake, naikapo katuni yoyamba.

Mayi Tsekwe anali pamaliro, akulira mokweza kuposa namfedwa, phiko limodzi likupukuta misozi, linalo likulonga maswiti m'chikwama. Sabata lotsatira anali atakhala pamphasa ngati wosinkhasinkha za kumwamba, koma khosi litatulukira pawindo, litadumpha mipanda iwiri, mutu uli m'chipinda cha ongokwatirana kumene, ukuwapatsa malangizo. Kenako anali kukweza mtengwa pa sikelo ya nkhosa kumsika. Ndipo mawu amene ankatuluka m'mlomo mwake anali mawu amene mkazi waulemu wa ku Namangan sanena ngakhale chamumtima.

Anthu anabwera ngati nyerere pa shuga. Pansi pa katuni iliyonse pankadzaza ndemanga. Wina ankati awa ndi apongozi anga enieni, wina ankati ayi, ndi azakhali anga a ku Chust. Mtengwa wina analemba kuti amawerenga atadzitsekera m'bafa, mpopi atautsegula kuti kuseka kusamveke pabwalo. Bambo wina ankatukwana sabata ndi sabata kuti wojambulayo sanaleredwe, ndipo sanaphonyepo katuni ngakhale imodzi. Onsewa anali anthu akuluakulu, amene kukacha amaika dzanja pamtima n'kunena kuti zikomo amayi, chabwino amayi, mpaka kudzada. Tsekweyo ankawanenera zimene zinkatsalira kukhosi.

Mohira sankajambulira iwowo ayi. Iye ankadikira wowerenga mmodzi.

Wowerengayo anafika m'mawa wina, buledi wotentha atakulungidwa m'nsalu kudzanja limodzi, foni kudzanja linalo.

"Odi kuno! Amake Mohira, mwagona bwanji, mawondo ali bwanji? Tabwerani mudzaone zinthu. Iwe Mohira, ndiwe wophunzira, tandikulitsira apa, maso anga anatha." Mayi Salomat anadzigwetsa pabenchi, misozi ya kuseka ikutsika m'masaya. "Taonani khosilo! Taonani chikwamacho! Ameneyu ndi Rohat, ndikulumbira pamanda a malemu amuna anga. Rohat weniweni, n'kayendedwe komwe."

"Nanga mano agolidewo, azakhali?" anafunsa Mohira pang'onopang'ono. "Mayi Rohat alibe mano agolide."

"Aaa, pamenepo wamuchitira chifundo. Akanajambula usinini wokhawokha anthu akanathawa. Ine ndimazitumiza kugulu lathu la amayi zikangotuluka, Rohat yemweyo amaseka, wosauka, osadziwa kanthu. Koma wojambula ameneyu ndi mwamuna, ndipo ndi chidakwa. Mkazi mawu amenewa sangawadziwe."

"Nanga inu mwawadziwa bwanji?"

"Ine ndinakhala ndi mwamuna zaka makumi atatu, mwanawe. Iwe unatha zingati paja, ziwiri?"

Anaseka, namusisita Mohira patsaya, nanyamuka. Mayi Kumush anawaperekeza mpaka pageti akuthokoza chifukwa cha buledi. Mohira anatsala atakhala. Pafupifupi chaka chathunthu anali akuponya mikondo, ndipo mwini wake ankaitola n'kumasonkhezera moto wake.

Masiku omwewo ofunsira ena anafika. Awa anali a kwa Sherzod, mnyamata wogwira ntchito m'chipinda chopimira magazi ku chipatala chimene Zebo ankagwirako. Amake ndi azakhali ake anabwera kamodzi, anamwa tiyi, anachoka akumwetulira. Zebo anamupeza mkulu wake akutsuka makapu, naima pambali pake.

"Achemwali, oyamba aja sindinkamudziwa n'komwe mnyamatayo. Koma uyu ndikumufuna."

Onse awiri anayang'ana kumpanda.

Mohira analingalira motere: lilime la Mayi Salomat liyenera kuthyoka ofunsirawo asanagogode pageti lobiriwira. Munthu amene dera lonse likumuseka, ndani angapite kukamufunsa za mwana wa mnzake? Chinkasowa chinali chida, ndipo chidacho anachipeza ali padenga lawo lathyathyathya, pomwe ankayanikapo mphesa.

Kuchokera pamenepo bwalo lonse la Mayi Salomat linkaoneka. M'mawa umenewo mayiwo ankatulutsa buledi mu uvuni. Mmodzi anapulumuka m'dzanja, nagwera m'fumbi, mbali imodzi itapserera. Aliyense amadziwa chochita buledi akagwa: umamutola, kumupsompsona, kumukhudzitsa pamphumi, n'kumuika pamalo okwera. Mayi Salomat omwewo anakokapo khutu la Zebo ali mwana chifukwa choponda kanyenyeswa. Tsopano anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kumwamba sanayang'ane. Anatukwana, namenya buledi uja ndi nsapato yampira, bulediyo n'kugubuduka mpaka kunsi kwa benchi.

Katuni imeneyo Mohira anaijambula mosamala kuposa khadi lililonse la ukwati limene anajambulapo. Anaika uvuni, benchi, mpesa wopindika, ngakhale chidebe chabuluu chopanda chogwirira. M'chithunzi choyamba Mayi Tsekwe ankalalikira tiana za ulemu wa buledi. M'chomaliza munali buledi yekha, wamkulu kudzaza foni yonse, duwa lake loperewera tsamba limodzi, ndipo pamwamba pa duwalo panali mapazi a nsapato.

Patapita masiku awiri panali phwando la mwana wobadwa kumene m'nyumba ina ya m'deralo. Amayi anakhala mozungulira nsalu, ndipo buledi wa Mayi Salomat anali atasanjidwa pakati monga mwa masiku onse. Mohira anakhala kungodya n'kumaonerera. Mayi wina anatola buledi, anayang'ana duwa, anayang'ana mnzake, namubwezera. Wina anachita chimodzimodzi. Atsikana operekera tiyi ankaluma milomo. Kenako Mayi Rohat anatola wawo, anamuuzira mpweya, namupukuta ndi mkono wa diresi.

"Ndikungochotsa fumbi, anzanga," anatero. "Masiku ano nsapato zikuyenda paliponse."

Chipinda chonse chinaphulika. Amayi okalamba ankaseka atabisa nkhope m'mipango. Mayi Salomat anayesa kuseka nawo, koma atayang'ana uku ndi uku anaona kuti maso onse ali pa iwo. Anatulutsa foni, anayang'anitsitsa, nkhope yawo n'kuchita phulusa. Anachoka mpunga usanafike. Madzulo ake mbiri inamveka kuti banja la mtsikana amene Mayi Salomat ankamufunira mwana wawo wamwamuna Doniyor latumiza mawu akuti tiyambe taganiza.

Mohira anadya mpunga mbale ziwiri paphwandolo. Sanakumbuke tsiku limene nyama ya nkhosa inamukomera chotero.

Masana otsatira anali padenga akutembenuza mphesa pamene anamva phazi lolemera pamakwerero. Panalibe odi, panalibe buledi m'nsalu. Mayi Salomat anatulukira akupuma wefuwefu, anamudutsa osamuyang'ana, nakaima m'mphepete mwa denga, n'kumayang'ana bwalo lawo lomwe.

"Chidebe chija," anatero. "Chili kuseri kwa uvuni. Mlendo sachiona, woima pageti sachiona. Doniyor wanga sangajambule ngakhale dzira. Kwatsala mbalame ndi iwe."

"Ndine, azakhali."

"Sukana n'komwe?"

"Ndikanirenji? Ndadikira nthawi yonseyi kuti mudzizindikire. Ochedwa munali inuyo."

Mayi Salomat anatembenuka. "Zonse zija? Za maswiti pamaliro? Za sikelo?"

"Zonse."

"Si Rohat?"

"Sizinakhalepo za Mayi Rohat."

Pamenepo Mohira anaona pankhope ya mayiwo kuti ichi chawapweteka kuposa kuseka kwa paphwando. Anachimva kukoma mpaka m'mafupa. Koma Mayi Salomat anakonza mpango wawo, ndipo atayambanso kulankhula mawu awo anali ofewa ngati mafuta.

"Amake Sherzod abwera kwanga mawa. Atumiza kale mwana kudzandiuza."

"Kwa inu? Pambuyo pa zadzulo?"

"Umati chiyani, mwanawe? Ndisekedwe, ndisasekedwe, mpanda wanu ndi wanga. Wofunsira sadumpha mnansi wa pampanda, ngakhale atakhala wamisala. Iwe wakulira konkuno, zimenezi sukuzidziwa?" Anamwetulira, golide n'kung'anima. "Usaope, za ukwati wako sinditchula, n'zakale zimenezo. Ndingowathirira tiyi, n'kuwatsegulira foni. Taonani, anzanga, zimene dzanja la m'nyumba imeneyo limalemba. Taonani mawuwa. Mtengwa wanu wakulira chipinda chimodzi ndi mwini wake."

Mohira anayang'ana kugeti lobiriwira lija. Zinalidi zoona, ndipo ankazidziwa kuyambira ali mwana. Mkwiyo ndi umene unamuiwalitsa. Khoswe anali atakhala pamkhate, iye n'kuponya mwala ndi mphamvu zake zonse. Pansipo Zebo ankawaza madzi pabwalo kuti asese, osadziwa kanthu.

Anapukuta manja, natenga tabuleti imene inali pamthunzi. Anaitsegula, naiika pamaso pa mayiwo, n'kumasuntha zithunzi ndi chala, chimodzichimodzi.

"Denga ili laona zambiri, azakhali. Awa ndi mafuta a nkhosa a pamaliro a Bambo Ergash, akulowa pageti lanu m'chidebe chokutidwa ndi thaulo. Awa ndinu mukumvetsera pakhoma la mkazi wa tcheyamani wa dera lino ndi kapu pakhutu. Izi sizinatuluke. Mukatsegula foni yanu mawa, ine ndilibenso chobisa. Ndizitulutsa zonse tsiku limodzi, dzina lanu pansi pake, la Doniyor pambali. Palibe mtsikana wa ku Namangan, ngakhale wa ku Andijan, amene adzathire tiyi m'nyumba mwanu. Mudzakalamba mukumuchapira masokosi nokha."

Mayi Salomat anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pambali pa mphesa, anatola imodzi, naitafuna.

"Njoka," anatero.

"Sukulu yake ndinaphunzira kuseri kwa mpanda."

"Ndinanama chiyani ine? Sunabwerere?"

"Ndinabwerera ndi dzino m'kampango. Munaliona, munabwera kudzandizonda."

"Nanga agolidewa ukuganiza ndinawaika chifukwa cha chuma?" Mayiwo analavula kanjere. "Ine ndinakhala pabanja. Tonse tinakhala."

Mawuwo anamulowa Mohira, koma sanafewetse kanthu mwa iye. Anangoganiza kuti munthu amene anadziwa kuwawa kwa nkhonya, n'kutsekerabe Zebo njira, ndiye woipa kawiri.

"Chabwino," anatero Mayi Salomat. "Lilime langa ukulifuna mawa. Nanga dzina langa ulitsuka bwanji? Kufufuta katuniyo n'kosathandiza, ili kale m'foni ya aliyense."

"Chojambulidwa sichibwerera m'dzanja."

"Ndiwe wanzeru pa kulasa pokha, pa kupoletsa ndiwe mbuli. Tamvera." Anasendera pafupi, maso awo atayamba kuwala ngati tsiku lija anabwera ndi foni. "Tsekwe wakoyo akhale wakuba zidindo. Ali nazo thumba lathunthu. Sabata lino adinde ndi cha Rohat, cha nyenyezi yokhota chija. Sabata linalo cha mkazi wa tcheyamani. Kenako cha amake Gulnoza, amene anaseka mpaka kutsamwa dzulo. Anthu akaona zidindo zonse, adzati changa chinangokhala choyamba. Adzayamba kuopa kuti mawa ndi chawo, kuseka kudzatha."

"Mayi Rohat sanandilakwire."

"Sanakulakwire? Ndani anakubweretsera mawu anga akunyambita milomo? Ukuganiza anathamanga msewu wonse ndi mawondo amenewo chifukwa chokukonda? Ndipo umujambule bwino. Umuike akutafuna ndi usinini."

Mohira anakumbukira nkhope ya Mayi Rohat tsiku lija, mmene inkayang'anira Zebo kuti ione ngati alira. Anapeza kuti nyenyezi yokhota ankaidziwa bwino, akanatha kuijambula atatsinzina.

"Buledi wa Zebo akanyemedwa, cha Mayi Rohat chituluka."

"Ayi, mwanawe. Chiyambe chatuluka."

"Mawa mulankhule, mkuja chituluke. Zinazo buledi akanyemedwa."

Mayi Salomat anaganiza, nagwedeza mutu. Anapisa m'thumba la epuloni, natulutsa kachidutswa ka buledi wouma. "Tilumbire pa uyu, monga amachitira anthu."

"Pa buledi ayi, azakhali. Ndinaona mmene mumamulemekezera. Mulumbire pa Doniyor."

Mayiwo anamuyang'ana ngati amuluma. Anabwezera kachidutswako m'thumba, natambasula dzanja. Linali lolimba, lodzala zipsera za uvuni, ndipo linafinya la Mohira mpaka mafupa kulira.

"Pa moyo wa Doniyor wanga: mawa ndidzati Zebo ndi golide, ndi kuti mkulu wake anabwerera chifukwa mwamunayo anali galu. Sindidzaikapo mawu oti koma."

"Pa moyo wa Zebo," anatero Mohira osabweza dzanja, "mkuja nyenyezi yokhota idzakhala m'foni ya aliyense. Ndipo za mafuta a nkhosazi ndizisunga bwinobwino, azakhali, sizidzaona dzuwa mpaka tsiku limene mudzanene koma."